Ukwati wa ku Scotland wandichititsa manyazi ndi maukwati athu

Loweruka lapitali ndinali ku ukwati wa mnzanga wa kuntchito, kamudzi kena kufupi ndi Perth kuno ku Scotland. Lero ndi Lachiwiri koma akatumba akuwawabe, ndipo padzanja lamanja pali potupa pomwe anandigwira agogo ena aakazi amene sindikuwadziwa ndi dzina lomwe. Sikuti kunali ndewu ayi. Kunali ceilidh.

Amatchula kuti keyili. Ndi liwu la chinenero cha Gaelic lotanthauza kucheza kapena kuyenderana, poti kale anthu ankasonkhana kunyumba kwa mnansi madzulo n'kumakamba nthano ndi kuimba. Masiku ano akati ceilidh akunena gule wa m'holo wokhala ndi bandi yake. Ya Loweruka inali ya anthu anayi basi: mtsikana wa vayolini, imene iwo amati fiddle, bambo wa akodiyoni, mnyamata wa ng'oma ndi wina wa gitala. Wa gitalayo ndiye analinso caller, munthu wolangiza anthu kavinidwe. Ameneyu ndiye mwini phwando.

Titangomaliza kudya anakankhira matebulo kukhoma, iye n'kutenga maikolofoni kuti aliyense apeze mnzake, tikuyamba ndi gule wa Gay Gordons. Ine ndinamatirira pampando ngati nkhupakupa. Sizinathandize, mayi ake a mkwati anadzandizula. Wolangizayo anatiyendetsa kaye popanda nyimbo: masitepe anayi kutsogolo, tembenukani, anayi chafutambuyo, bwerezani, mkazi azungulire pansi pa mkono wa mwamuna. Kawiri kokha, kenaka akodiyoni inalira. Ndinasokoneza zonse, ndinaponda anthu, koma palibe anandiyang'ana kawiri chifukwa theka la holoyo linkasokonezanso.

Gule amene wandipangitsa kulemba izi ndi Dashing White Sergeant. Mumaima atatu kuyang'anizana ndi atatu ena, mumagwirana manja n'kuzungulira, ndipo mukatha chigawo chimodzi mumadutsana kukakumana ndi atatu ena atsopano. Pofika kumapeto kwa nyimbo wagwirana dzanja ndi anthu ambirimbiri. Akuchimuna ndi akuchikazi, amene masana anakhala mbali zosiyana m'tchalitchi, anali atasakanikirana osadziwikanso. Pomaliza panabwera Strip the Willow, mizere iwiri kutalika kwa holo yonse, kukolana m'zigongono n'kumapotana mpaka chizungulire. Agogo aja anandipeza pamenepo. Mphamvu zake ngati akupukusa chimanga.

Maganizo anga ndi awa, ndipo mundikhululukire amene ndikuponderani chala. Anthu a kuno magule awo akadali moyo chifukwa amawavina pa zochitika za iwo eni ndipo amalipira oimba. Mnzangayo anandiuza yekha kuti bandiyo inamudyera zambiri kuposa zimene akanapatsa DJ, koma sanaganizepo kawiri. Ana asukulu amaphunzira magulewa nthawi ya masewero olimbitsa thupi, makamaka Khirisimasi ikamayandikira, ndipo ambiri amadana nazo poti amawakakamiza kugwirana manja ndi atsikana kapena anyamata a m'kalasi. Koma akakula mapazi amakumbukira. Kuli bungwe la Royal Scottish Country Dance Society, lomwe linayamba mu 1923 kusonkhanitsa ndi kulemba magule kuti asatayike. Pa BBC Radio Scotland pali pologalamu ya Take the Floor ya nyimbo zovinira zokhazokha. Jimmy Shand, woimba akodiyoni wa ku Fife, dera lina la kuno ku Scotland, amene anamwalira mu 2000, boma linamupatsa ulemu wa Sir chifukwa cha nyimbo zomwezi. Ndiye werengani masiku a ntchito a oimbawa: maukwati, Burns Night (usiku wokumbukira mlakatuli Robert Burns) pa 25 January, St Andrew's Day (tsiku la Andrea Woyera, nkhoswe ya Scotland) pa 30 November, Hogmanay usiku wolowa chaka, maphwando a ophunzira a ku yunivesite, zosonkhetsa ndalama za mipingo. Mwana wophunzira fiddle amadziwa kuti kutsogoloku kuli pogwira.

Tsopano kumbukirani ukwati wa m'tauni umene munapitako posachedwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ngakhale wa Amalawi anzathu a ku Glasgow ndi ku Manchester. Kuyambira 2 koloko mpaka 5 ndi perekaniperekani. MC amaitana magulu, a kuntchito kwa mkwati, a kwaya ya mkwatibwi, alamu onse, ndipo amene amadzuka kukavina ndi amene wasintha ndalama patebulo la makashiya. Wopanda kanthu m'thumba amakhala pampando tsiku lonse ndi botolo la Fanta, kuonerera. DJ akuika amapiano ndi za ku Nigeria, zabwino ndithu, ine ndimazivina. Koma chioda chili kuti? Chimtali, mganda, beni? Tinazisiyira misonkhano ya andale ndi tsiku lobwera alendo pasukulu. Oimba ng'oma tikawaitana nkomwe timawaimika panja pageti, malipiro ake mpunga wotsala.

Sindikunyoza perekaniperekani. Yathandiza mabanja ambiri kuyamba ndi kanthu m'manja, nanenso inandithandiza. Ndikudziwanso kuti kumudzi mchezo ukadalipo, ng'oma zimalira mpaka tambala woyamba ndipo palibe amafunsidwa ndalama kuti alowe m'bwalo. Ceilidh nayo si yakumwamba: magule ake ndi omwewomwewo ukwati uliwonse, ukapita kasanu umayamba kulosera chotsatira, ndipo Loweruka lija bandi itapakira zida kunabweranso DJ wa nyimbo zamakono. Koma anabwera pambuyo, anthu atatuluka kale thukuta limodzi.

Chimene ndasirira kwambiri ndi wolangiza uja. Ife timaganiza kuti aliyense amabadwa akudziwa kuvina za kwathu, chikhalirecho mwana wokulira ku Area 18 kapena ku Edinburgh sanaimepo m'bwalo la chimtali, ndipo amaopa kusekedwa. Akanapezeka mayi mmodzi wa pakamwa potseguka, maikolofoni m'manja, kunena kuti phazi ili apa, chiuno uku, aliyense alowe, mukuganiza kuti anthu akanakana?

Mwana wa achemwali anga akukwatiwa mu August ku Lilongwe. Dzulo ndalemba pagulu la WhatsApp la komiti ya ukwati kuti ine ndilipira oimba ng'oma ndi amayi otsogolera gule, ola limodzi lokha, m'kati mwa holo osati pageti. Anthu 23 awerenga. Ayankha ndi apampando okha, kufunsa ngati ola limenelo lichotsedwe pa nthawi ya perekaniperekani.