Subaru ya Malume ndi Phazi Lakumanzere

(Loweruka m'mawa pabwalo la mpira. Malume angolandira kumene Subaru Impreza WRX yochokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam. Pachiwongolero pakhala mphwawo wazaka 18.)

MPHWAWO: Malume, mukudziwa kuti Colin McRae anatenga chikho cha mpikisano wa magalimoto wa dziko lonse lapansi mu 1995 ndi Impreza? Lero ndigunda 200.

MALUME: Gunda kaye pagolo apo. Manga lamba, uponde kilatchi.

MPHWAWO: Iti?

MALUME: Wa 200 uja ndi amene akufunsa kuti iti? Yakumanzere. Pakati ndi buleki, kumanja ndi faya. Ponda mpaka pansi, lowetsa giya wani, kenako uzikweza phazi pang'onopang'ono.

(Galimoto idumpha kamodzi, n'kuzima.)

MPHWAWO: Anakugulitsani yakufa, Malume.

MALUME: Yayenda kuchokera ku Songwe osazima. Yadwala itangoona iwe. Tamvera. Kilatchi ndi mbale yolumikiza injini ndi giyabokosi. Ukaiponda, ziwirizo zasiyana. Ukamakweza phazi, pali malo amene mbaleyo imayamba kugwira. Injini imasintha kulira, galimoto imanjenjemera pang'ono ngati ikufuna kunyamuka. Pamenepo phazi liime kaye, uwonjezere kafaya.

MPHWAWO: Liime mpaka liti?

MALUME: Mpaka matayala agudubuke. Kilatchi umasiyana nayo ngati mmene umatsanzikira apongozi. Umadzuka pang'onopang'ono, manja ali pamodzi, sungoti dzambatu n'kuthawa.

MPHWAWO: Ine sindinakwatire.

MALUME: Ndi phazi limenelo sudzakwatiranso. Liza.

(Injini ibangula, muvi woonetsa kuzungulira kwa injini ufika pa 5,000. Nkhuku zibalalika.)

MALUME: Iwe! Chotsa mwendo! Ukufuna kupita ku Joni?

MPHWAWO: Ndimafuna matayala alire, utsi ufuke ngati pa TikTok.

MALUME: Iyi imakoka ndi matayala onse anayi. Saterereka wamba. Ukasiya kilatchi mwadzidzidzi injini ili pamwamba chomwecho, nkhonya yonse imagwera kilatchi ndi giyabokosi. Komanso ili ndi turbo. Pansipansi imaoneka yofatsa, koma muvi ukadutsa cha m'ma 3,000 imakankha nthawi imodzi, mtengo wa mango uwo n'kukupeza usanaganize za buleki.

(Ayesanso. Galimoto iyenda, mwakachetechete.)

MPHWAWO: Ikuyenda! Malume, ikuyenda! Ndijambuleni!

MALUME: Maso kutsogolo, manja onse pachiwongolero. Foni bwera nayo kuno.

MPHWAWO: Koma kukununkha. Wina akuotcha chimanga?

MALUME: Ndi ndalama zanga zikupsa. Phazi lako likadali pakilatchi. Ukanyamuka lichotseretu, ulipondetse pambalipo. Ukaligoneka pamenepo mbale imangokhulana mpaka kutha.

(Afika pakamtunda kotulukira kumsewu. Mphwawo aima. Kumbuyo kwaima wakabaza atanyamula matileyi a mazira.)

MALUME: Mayeso enieni ndi ano. Koka handibuleki. Kweza kilatchi mpaka igwire, kafaya pang'ono, ukamva ikukoka ndiye utsitse handibuleki.

MPHWAWO: Ndiyambe chiti?

MALUME: Ndangonena kumene!

(Mphwawo ayamba ndi kutsitsa handibuleki. Galimoto ibwerera chambuyo.)

WAKABAZA: Mazira! Mazira, bwana!

MALUME: Buleki! Yapakati! YAPAKATI!

(Mawaipa ayamba kupukuta galasi. Malume akoka handibuleki okha. Galimoto izima.)

WAKABAZA: (asuzumira pawindo) Bwana, galimoto yabwino chonchi yatha mafuta? Ndiitane anyamata tikankhe?

MALUME: Mafuta alimo, achimwene. Chasowa ndi dalaivala.

WAKABAZA: Ndiye mubwere naye kwa ine. Ayambire panjinga, ilibe kilatchi.

MPHWAWO: Malume, ku Japan kulibe ya otomatiki?

MALUME: Iliko. Ukagule ndi ndalama zako. Tsika, ukamuthandize munthuyu kuwerenga mazira.

MPHWAWO: Nanga 200 ija?

WAKABAZA: 200 yake iti, bwana? Dzira linakwera kalekale.