Nthaka yatopa, ife tikungowerenga matumba

Mu Febuluwale ndinali kwathu ku Bwanje, ku Ntcheu. Amayi ananditengera kumunda wa kumtunda kuti ndikadzionere ndekha. Chimanga chofika m'chiuno, masamba achikasu, kaufiti ali mbwee m'mizere. Dothi ukaliponda ngati bwalo la mpira. Munda umenewu wakhala ukudya feteleza wa sabuside kuyambira nthawi ya makuponi a Bingu mu 2005, kupatula zaka zomwe dzina la amayi linasowa m'kaundula. Chakumunsi kuli msangu umene agogo anakaniza kudula. Pansi pake chimanga chili biriwiri, chonditalikira, chikhalirecho anathira feteleza wofanana ndi kumtunda.

Ndiye ndikamva anthu akukangana kuti thumba likhale pa mtengo wanji, ndimaona ngati tikukambirana za mtengo wa mchere m'nyumba yopanda ndiwo.

Musandimve molakwa. Sindili m'gulu la oti sabuside ithe mawa. Amene amalankhula zimenezo ambiri sanagonepo ndi njala ya mu Januwale. Komanso nkhani ya kusintha kwa nyengo tisamaimeze monga ibwerera kunja. Ku Ulaya akulimbana ndi alimi othira feteleza wambiri mpaka kuwononga mitsinje. Amayi anga matumba awiri omwewo amagawanako ndi achemwali awo. Sindiwo akutenthetsa dziko.

Vuto lathu ndi lina. Taonani mapologalamu a sabuside: Starter Pack mu 1998, kenako FISP, kenako AIP mu 2020 ndi thumba la K4,495 lija, lomwe pasanathe zaka zitatu linafika pa K15,000. Maina amasintha ndi boma, nzeru ndi imodzimodzi: kwenikweni ndi feteleza wokulitsa, wobereketsa ndi mbewu ya chimanga. Fetelezayo timaitanitsa kunja ndi madola omwe tilibe, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinaona zomwe zinachitika m'mashopu. Nthawi zina amafika chimanga chitamasula kale. Ndipo feteleza sasunga chinyezi. Mvula itadula mu 2024, boma n'kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndalama zonse zija zinapsera m'minda limodzi ndi chimanga. Chaka cham'mbuyo mwake namondwe Freddy anali atakokolola minda ya kummwera, dothi ndi feteleza yemwe.

Maganizo anga ndi oti gawo la ndalamazi lipite kunthaka yeniyeniyo. Mlimi azitha kusankha: wina akufuna mbewu ya nandolo, mtedza kapena soya, zomwe zimabwezera chonde, wina mbuzi zoti zimupatse ndowe, wina pampu ya sola yothiririra kudimba. Amene wasunga misangu, wasiya kutentha mapesi, wapanga akalozera pamalo otsetsereka, aziwonjezeredwa kenakake. Manyowa a Mbeya anthu akupanga kale okha: madeya, phulusa, ndowe, feteleza pang'ono, kumanga m'thumba masabata atatu. Thumba limodzi limabala angapo. Kodi boma lingalephere kuthandizira chinthu chomwe alimi anayamba osadikira munthu?

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya alangizi. Kale mlangizi ankafika panjinga, n'kulowa m'munda, n'kukalipa ukatalikitsa mapando. Amayi akuti watsopanoyu amangomuona nthawi yolemba maina. Munthu si wolakwa, midzi yamuchulukira ndipo alibe choyendera. Feteleza ndiye wadya bajeti ya unduna wa zamalimidwe.

Ndikudziwa chifukwa chake andale safuna kukhudza pamenepa. Thumba limaoneka, umalijambulitsa pamsonkhano. Chonde cha m'nthaka chimabwerera patatha zaka zitatu kapena zinayi, mwina iwe utachoka kale pampando.

Potsanzikana amayi anandikumbutsa za ndalama ya feteleza wa chaka chamawa. Ndawalonjeza thumba limodzi ndi makilogalamu asanu a nandolo. Sanakondwe nazo kwenikweni, akuti nandolo mbuzi za aneba zimamaliza.