Lekani kuwotcha mapulasitiki padzala, poizoni wake akubwerera m'mbale

Ana inu, ndi inu makolo anzanga amene mwayamba kutengera ana, tamverani kuno. Khalidwe loti dzuwa likangopendeka aliyense akoleze moto padzala pake lafika ponyansa. Ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi, ngakhale kumudzi kwenikweni, madzulo utsi uli tolotolo, ndipo si wa masamba a mango ngati kale. Pamotopo pali majumbo, mabotolo a zakumwa, matewera a ana, zidutswa za mapaipi, nsapato zakutha, mabatire, zonse kunyeka pang'onopang'ono mpaka mbandakucha. Mwininyumba ali phee pakhonde, ati wasamala pakhomo.

Simunasamale kanthu. Moto wotere umabala poizoni amene akatswiri amamutcha dioxin, pamodzi ndi mnzake furan. Palibe amene amamupanga dala kuti agulitse. Amabadwa yekha zinthu zokhala ndi chlorine zikamapsa pamoto wofooka, makamaka pulasitiki ya PVC, ija ya mapaipi a madzi ndi chikopa chokutira mawaya a magetsi. Ng'anjo zenizeni zowotchera zinyalala amazitenthetsa kupyola madigiri 850 kuti poizoniyu asatuluke. Nanga dzala lanulo, lonyowa ndi madzi otsukira mbale, lingafike pamenepo?

Ndimamva ena akuti, "Agogo, utsi umapita ndi mphepo." Umapita kuti? Mwaye wake umatera padothi la pabwalo, pamasamba a mpiru kudimba, paufa umene mwayanika pamphasa. Wina amatsalira m'phulusa. Dioxin sawola msanga ndipo sasungunuka m'madzi, ndiye musayembekeze kuti mvula ya Disembala idzamukokolola. Iye amakonda mafuta. Kukacha nkhuku zanu zachikuda zimathamangira padzala pomwepo, kupalasa phulusa, kutola nyongolotsi, kusamba fumbi. Zimene zatola zimakakhala m'mafuta ake ndi mu yolk ya dzira, chikasu chija. Dziralo mumaphikira mwana wodwala kuti apeze mphamvu. Mbuzi imene ikudya msipu wa m'mbali mwa dzala nayo ikusunga zomwezo, ndipo nsomba yaikulu imene yadya tinsomba tambiri imasunga zochuluka kuposa tonse tija.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limanena kuti dioxin woposa 90 peresenti amene amalowa mwa munthu amadzera m'chakudya, makamaka nyama, mkaka ndi nsomba. Akalowa, pamatenga zaka 7 mpaka 11 kuti theka lake lokha lichoke m'thupi. Mtsikana amene akudya mazira apadzala ali Sitandade 8 adzakhala nayebe poizoniyo tsiku limene adzaime, ndipo wina adzadutsa kupita kwa mwana ali m'mimba ndi poyamwa. Pano ndisamveke molakwa: mai asasiye kuyamwitsa, bere ndi lofunika kwa khanda kuposa chilichonse. Choti chisiyidwe ndi moto wapadzalawo.

Chovuta n'choti chakudza sichiimba ng'oma. Simudzagwa pansi lero. Poizoniyu amafooketsa chitetezo cha m'thupi, amasokoneza mahomoni ndi ubereki, amalowerera pakakulidwe ka ubongo wa mwana, ndipo mtundu wake woopsa kwambiri, TCDD, unaikidwa mu 1997 pagulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Tsiku lodzadwala tidzayamba kulozana zala ndi azakhali osalakwa.

Tsopano inu anyamata otola zitsulo. Mumaunjika mawaya, kuthira pa tayala, kuyatsa, kuti chikopa chipse mutenge kopa mukagulitse pa sikelo. Kopa yemweyo amafulumizitsa kupangika kwa dioxin pamoto, ndiye mwasonkhanitsa zonse zofunika malo amodzi, inu mutaima pompo ndi kamtengo kotakasira. Ku Agbogbloshie, mumzinda wa Accra ku Ghana, anzanu ankachita ntchito yomweyi kwa zaka zambiri. Mu 2019 mabungwe oteteza chilengedwe a IPEN ndi Basel Action Network anayeza mazira a nkhuku zoyendayenda pamalopo, napeza kuti munthu wamkulu akadya dzira limodzi lokha wapyola ka 220 mlingo wa dioxin umene akuluakulu oona za chakudya ku Ulaya amati thupi lingapirire pa tsiku. Mpeni ulipo, sendani wayayo ndi manja. N'zochedwa, inde, koma ana a eni nyumba zoyandikana nanu sanakulakwireni.

Palinso poizoni wina woipa mofanana, PCB, amene ankathiridwa m'mafuta a mathiransifoma akale. ESCOM yakhala ikudandaula za akuba amene amaphwasula mathiransifoma, ndipo zamveka kangapo, kuno ndi kumaiko oyandikana nafe, kuti mafuta obedwawo ena amathera pachiwaya cha tchipisi chifukwa sada msanga. Iwe wogula mafuta a m'chigubu chopanda dzina, kwa munthu wobwera usiku, pamtengo woti ngakhale wekha ukudabwa, ukudziwa chimene ukudyetsa ana asukulu? Ngakhale atakhala opanda PCB, amenewo si mafuta odya. Ku Japan mu 1968 PCB analowa m'mafuta ophikira opangidwa ku gaga wa mpunga. Anthu masauzande anadwala, nkhope zinatuluka zilonda zosamva mankhwala, ana ena anabadwa khungu litada modabwitsa. Matendawo anawatcha Yusho, ndipo ena mwa odwalawo anavutika nawo moyo wawo wonse.

Maiko anaona kuopsa kwa zinthuzi nagwirizana ku Stockholm mu 2001, pangano n'kuyamba kugwira ntchito mu 2004. Anayamba ndi mankhwala 12, mwa iwo dioxin, furan, PCB, komanso mankhwala ophera tizilombo monga DDT, aldrin ndi dieldrin. Malawi ndi Zambia ali m'panganoli. Koma pangano silibwera kudzazimitsa moto kuseri kwa bafa lanu.

Ndikudziwa chimene muyankhe: galimoto ya khonsolo sifika kwathu, tizitaya kuti? Funsolo ndi loona, ndipo makhansala amene timawavotera aliyankhe, tiwafunse pamisonkhano mosanyengerera. Koma podikira iwowo, patulani zinyalala. Makoko a nthochi, masamba ndi zotsala za kukhitchini zipite kudzenje la manyowa, mudzapeza kuti mulu watsika kwambiri. Mabotolo alipo amene amagula. Pulasitiki yotsalayo isungeni m'thumba mpaka mupeze kokaitula, osati pamoto. Mbaula kolezani ndi tinkhuni kapena zitsononkho, jumbo ayi. Phulusa la padzala lisapite kudimba, lisapite m'khola, ndipo wina asayerekeze kuchezera chidulo. Pamene munkawotchera kale pakwirireni ndi dothi lochuluka, mutchinge ndi minga kuti nkhuku zisafikepo.