Mphotho za osamalira anthu zizitsikako ku Thabwa kuno

Nthawi ndi nthawi pa Facebook pano timaona zithunzi za mwambo wopereka mphotho kwa anthu ogwira ntchito yosamalira anzawo: ana amasiye, agogo, aulumali, amayi ochitiridwa nkhanza. Hotela ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre, matebulo oyala nsalu zoyera, wina wanyamula chikho akumwetulira. Ine sindidana nazo ayi. Oimba ndi osewera mpira amalandira zikho chaka ndi chaka, ndiye wosambitsa gogo wodwala alekerenji? Chimene chimandivuta ndi njira imene dzina la munthu limadzera kuti likafike kwa oweruza. Njira imeneyo siidutsa kwathu kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Kawirikawiri fomu imakhala pa intaneti, m'Chingerezi. Amafuna lipoti, zithunzi, ndi chiwerengero cha anthu amene mwawafikira. Angakwanitse zimenezi ndi bungwe lokhala ndi ofesi, galimoto ndi mnyamata wolembedwera kujambula basi. Mlezi wa pa sukulu ya mmera mpoyamba ku East Bank, amene foni yake ndi ya mabatani ndipo amakatchajitsa kumsika, sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli mpikisano. Wina anena kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, adzitchule okha. Si manyazi, abale. Mayiyo m'mawa ali pamoto kuphika phala la ana a eni, masana ali kudimba kwake, chifukwa alezi ambiri ntchitoyi amangodzipereka.

Koma vuto lalikulu si fomu. Pa ntchito imeneyi, chabwino koposa chimakhala chinthu chimene sichinachitike. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhalenso kampata kokwatitsira mwana. Pa pepala zinatha. Nanga ku kampu? Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, anthu anagona m'makalasi ndi m'matchalitchi, mabanja osakanikirana, chakudya chosakwana. Malo otere bambo wa matumba awiri a chimanga amasanduka mkamwini wabwino. Amene amaletsa zimenezi ndi mayi wa m'gulu la amayi a pa sukulu, kapena woona za chitetezo cha ana, amene amapita kwa makolo lero, mawa, mkuja, kutukwanidwa, kukatenga amfumu, mpaka mtsikana abwerere mu Sitandade 7. Ukwati umene sunachitike ulibe chithunzi. Ndipo wodziwa ntchito yake sangalole kuti mwanayo ajambulidwe n'kuikidwa pa chikwangwani, chifukwa akudziwa kuti mudzi wonse uzimuloza chala. Mapeto ake wosunga chinsinsi cha mwana amakhala wopanda umboni, pamene wokonda kamera lipoti lake limanenepa.

Ganizirani za malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza. Dziko lonse linawadziwa chifukwa chothetsa maukwati a ana, ndipo ulemuwo unawayenera. Koma iwo ankadalira amayi ndi abambo a m'midzi amene ankawatsina khutu mwachinsinsi mtsikana akasowa kusukulu. Anthu oterowo aliponso kwa Tengani, kwa Mlolo, kwa Ngabu, kwa Chapananga. Kusiyana kwake n'kwakuti atolankhani akatsika kuno amabwera kudzajambula madzi.

Pali mawu enanso amene amakonda m'mipikisanoyi: luso latsopano. Oweruza akangomva zimenezi, maganizo awo amathamangira ku foni zamakono. Zina zimathandizadi, nambala ya 116 ya Tithandizane yapatsa ana ambiri pokadandaulira. Koma ife taona madzi a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022 amene anawononga malo opangira magetsi ku Kapichira n'kusiya dziko mumdima, kenako Freddy. Ruo ndi Shire zikakwiya, ku Makhanga kumasanduka chilumba, magetsi kulibe, foni zimazima. Chimene chimagwira ntchito usiku umenewo ndi munthu amene ali ndi mudzi wonse m'mutu: nyumba iti muli gogo wosayenda, uti ndi wakhungu, bwato lili kwa yani, ndani amamwa ma ARV ndipo buku lake la kuchipatala lisanyowe. Munthu amene anakonzeratu, mvula isanayambe, kuti mnyamata uyu adzabereka gogo uyu. Ngati limeneli si luso, oweruza atiuze kuti n'chiyani.

Enanso amene saoneka ndi a makomiti a Mtukula Pakhomo. Pologalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo lero ili m'maboma onse. Ndalama zikafika, pa wailesi timamva mayina a mabwana ndi a maiko othandiza. Dzina la wina likasowa pa mndandanda, wotukwanidwa ndi wa komiti uja, amene amakhala mudzi womwewo, amatunga pa mjigo womwewo, ndipo anayenda khomo ndi khomo pa dzuwa la Okutobala loposa madigiri 40.

Tsono ine ndikuti mayina azichokera kuno, pakamwa, m'Chimang'anja ndi m'Chisena momwe. Mawailesi a m'madera alipo, monga Nyanthepa ku Nsanje; anthu aziimba foni kapena kutumiza uthenga kutchula amene anawathandiza. Ndikudziwa chimene mukufuna kulemba pansipa: amfumu adzaika mphwawo, wa chipani adzaika mkazi wake. Zoona, timadziwana. Ndiye oweruza asamathere pa mndandanda. Abwere osalengeza, asiye galimoto pa msewu wa M1, akwere kabaza, akafunse gogo mwiniwakeyo kuti amene amabwera kudzamuona ndani. Gogo sangatchule munthu amene sanamuonepo pakhomo pake.

Mphothoyonso ikhale yogwirika. Chikho cha galasi m'nyumba ya udzu chimangodikira madzi a chaka chamawa. Njinga yolimba, matayala apadera, nsapato za mvula, ndalama ya fizi ya ana ake a wopambanayo, zimenezo inde. Ndipo boma ndi mabungwe asabisale kuseri kwa mwambo wa tsiku limodzi. Kupatsa mlezi mmodzi satifiketi pamene anzake onse akugwira ulele n'kuwaseka. Ngakhale a ku ofesi ya zosamalira anthu, amene ena anaphunzira ku Magomero, amakhala ndi nkhani ya mwana wogwiriridwa m'manja koma mafuta a njinga yamoto palibe.

Tsiku lokumbukira ntchito imeneyi padziko lonse limakhala Lachiwiri lachitatu la mwezi wa Malichi, nthawi imene kuno misewu imaduka ndipo makalasi amadzaza anthu othawa madzi. Mwambowo adzauchitireko ku Bangula kapena ku Nchalo chaka china, pansi pa mtengo. Inu a kwa Makhuwira, a ku Marka, a kwa Ndamera, kwanuko mukanatchula ntchito ya ndani? Mayina a ana musalembe pano chonde.