Chenjezo kwa Osamuka: Musazule Zomwe Munagulitsa Kale

Inu amene mukugulitsa nyumba, lekani khalidwe lomazula zinthu usiku woti mawa mukusamuka. N'zochititsa manyazi kuti munthu wamkulu ndithu, atalandira kale ndalama, amasule gizala, achotse makabati a kukhitchini, masoketi ngakhale zogwirira zitseko, n'kusiya mawaya ali lendelende, kenaka n'kumati, "Izi ndinagula ndekha." Munagula nokha, inde, koma mnzanuyo anavomera mtengo ataona zinthuzo zili m'malo mwake.

M'maiko ambiri lamulo limati chinthu chomwe chinamangiriridwa kunyumba ndi simenti, mapaipi kapena mabawuti, choti simungachichotse osawononga khoma, ndi gawo la nyumbayo ndipo chimatsala. Bafa, sinki, zitsulo za m'mawindo ndi mitengo yodzalidwa pabwalo zili m'gulu limeneli. Firiji, mipando ndi zithunzi zopachika pamsomali mwini wake amanyamula. Mikangano imabuka pa zinthu zapakatikati, monga dishi ya TV, mapanelo a sola, thanki ya madzi, mashelefu ndi zitsulo zokolekapo makatani. Nkhani ikafika kukhoti, woweruza amafunsa kuti chinthucho chinamangidwa molimba motani, ndiponso ngati chinaikidwa kuti chikometse nyumbayo mpaka kale kapena kuti mwini wake angochigwiritsa ntchito kwa kanthawi. Komatu kulemba loya chifukwa cha thanki kungakudyereni ndalama zoposa mtengo wa thankiyo.

Ogula nanunso muli ndi mlandu. Mumayendera zipinda mukusirira, osafunsa kanthu poopa kuoneka adyera, n'kumadalira mawu apakamwa omwe tsiku la mkangano aliyense amawakumbukira mwanjira yake. Ku England ndi Wales wogulitsa amalemba fomu yotchedwa TA10, pomwe amasonyeza chimene chikutsala, chimene akutenga ndi chimene angagulitse padera. Ngakhale kwanu kulibe fomu yotere, pepala ndi cholembera zilipo. Lembani chipinda ndi chipinda ndalama zisanaperekedwe, jambulani zithunzi, musaine nonse awiri, ndipo ndandandawo ulowe mu mgwirizano wogulitsirana. Tsiku lolandira makiyi yenderaninso nyumbayo pepala lili m'manja.

Inu a lendi, musanaboole khoma kuti muike chanu, pemphani chilolezo cholemba kwa eni nyumba, chonenanso ngati mudzachitenge chinthucho potuluka, ndiponso amene adzatseke zibowozo.