Akuba a pa foni sagwidwa pomvetsera aliyense

Ena akuti boma liziona mauthenga a aliyense kuti ligwire akuba a pa intaneti. Ndikukana. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha makalata ndi za pa foni, ndipo wapolisi wofufuza bwino safunika kumva zonse.

Kampani ya foni imasunga kale nambala yoimbidwa, nthawi, nsanja imene foni inalumikizako, ndi IMEI, manambala 15 ozindikiritsa foni amene mumawaona mukaimba *#06#. Chikalata cha khoti chokhudza nambala imodzi n'chokwanira kulondola ndalama ya Airtel Money kapena Mpamba mpaka kwa ejenti amene inatulukirako.

Pamene pamavuta m'pakalembera wa ma SIM amene anayamba mu 2018. Wakuba amalembetsa SIM pa chiphaso cha munthu wina, mwina chotola, ndiye apolisi amakafika kwa gogo wa kumudzi wosadziwa kanthu. Konzani pamenepo kaye.

China, lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 linapereka udindo woteteza uthengawo kwa MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawayilesi, yomwenso ili ndi nthambi yolimbana ndi umbanda wa pa intaneti. Akalakwitsa iwowo, tikadandaule kwa ndani?