"Just now" wa ku Joni watikwana

Inu amene mukusonkha ndalama za basi yobwera kuno, Chingerezi chanu cha MSCE chija mukachisiye pachipata cha Mwanza. Mukamawoloka Beitbridge muzidziwa kuti mawu oti "now", amene aphunzitsi anatiuza kuti ndi tsopano, kuno ali ndi ana ake awiri, ndipo anawo ndi amene agonetsa Amalawi ambiri ndi njala m'mikhukhu ya ku Diepsloot.

Kwathu munthu akati "just now" amanena zimene zangochitika kumene, monga mlendo amene wangotuluka pakhomo. Kuno mawu omwewa amaloza kutsogolo, kutsogolo kopanda malire. Mwina masana, mwina mawa, mwina mpaka mutakalamba. Mng'ono wake ndi "now now", amene ukamumva koyamba umaganiza kuti poti anena kawiri ndiye kuti ndi pompano penipeni. Ayi ndithu, ndi posachedwa chabe, ndipo kuchedwa kwake akudziwa ndi mwini wake. Zonsezi zinachokera ku Chibunu, kumene amati "netnou" ndi "nou-nou", koma lero mzungu, Mmwenye, Mzulu, aliyense ali nazo pakamwa. Eni dziko amaziseka, amati ndi nthabwala ya mtundu wawo, mpaka kuzilemba pamalaya ogulitsa kwa alendo. Asekere kuti iwo malipiro awo amalowa kubanki pa 25.

Ine ndimapenta nyumba. M'mawa timaima pakona pafupi ndi sitolo ya zomangira, aliyense ndi kachikwangwani kake, kudikira galimoto yoti iime. Bwana wina wa ku Fourways ananditenga kuti ndipente mpanda wonse, mkati ndi kunja. Ndinamaliza Lachisanu dzuwa lili paliwombo, ndinatsuka mabulashi, ndinasesa. Iye anatuluka, nayang'ana, nayamikira, kenako: "I'll pay you just now." Ndinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi geti. Galu wake anandiyang'ana mpaka kutopa nane. Dzuwa likupendeka ndinangoona geti likudzitsekukira, galimoto ikutuluka, bwana akundibayibitsa ndi zala ziwiri. Anali pa ulendo wa kumapeto kwa sabata. Ndalama ya tekisi ndinachita kupempha kwa mlonda wa pamsewupo, Mzimbabwe, amene sanadabwe n'komwe. Uthenga unabwera usiku woti andiponyera pafoni "now now". Ndalamayo inafika mwezi utatha, ndipo inali yoperewera, ati penti inadontha panjerwa.

Chimene chimandiwawa kwenikweni n'chakuti mawu omwewa sasokonekera akamachokera kumwamba kupita pansi. Adona akaitana wantchito kuti "come now", palibe za Chibunu pamenepo. Usiye tiyi, usiye mphika pamoto, uthamange. Geti likakana kutseguka, madzi a m'damu losambiramo akabiriwira, galu akaipitsa pakapinga, "now" wake amakhala yemwe uja wa m'buku la Sitandade 5. Mwini nyumba pa 1 mwezi akagogoda kufuna lendi, yesani kumuuza "just now" muone ngati loko wina sapezeka pachitseko. Mita ya magetsi ikatha mayunitsi siimva chilankhulo chilichonse. Wapolisi akakuimika nkuti akufuna mapepala, amawafuna pomwepo. Ndiye musandiuze kuti anthu a kuno sadziwa nthawi. Amaidziwa bwino kwambiri. Amangosankha kuti nthawi ya ndani ndi yotchipa.

Malamulo alipo, ndipo ndi abwino papepala. Lamulo la za ntchito la 1997 limati olemba ntchito alipire pasanathe masiku 7 nthawi yogwirira ntchitoyo itatha. Pa 1 Marichi 2025 malipiro otsikitsitsa anafika pa R28.79 pa ola, ndipo kuchokera mu 2022 antchito a m'nyumba amayenera kulandira mofanana ndi ena onse. Kulinso CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, kokadandaula, ndipo khoti la za ntchito linagamula kale mu 2008 kuti ngakhale mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu, ali ndi ufulu womvedwa. Zonsezo n'zoona. Koma munthu amene anamudindira masiku 30 pachipata, masikuwo anatha kalekale, angapite yekha ku ofesi kukalembetsa dzina ndi kumene amakhala? M'mutu mwake mumangomveka Lindela, ku Krugersdorp kuja kumene amasungirako anthu oti abwezedwe kwawo. Mabwana amadziwa zimenezi kuposa ifeyo. N'chifukwa chake amakonda kunena kuti Amalawi ndi anthu abwino, ofatsa, okhulupirika. Akamatero ine mtima umandiwawa, chifukwa tanthauzo lake ndi lakuti Mmalawi ungamudikiritse pageti tsiku lonse osamva phokoso. Tinaleredwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono za kuno zilibe maso, abale.

Ndiye pali kumudzi. Foni ikalira madzulo ndimadziwiratu. "Mwanawe, mvula yagwa, feteleza uja bwanji?" Ndiwayankhe chiyani amayi? Kuti bwana wati "just now"? Chimanga sichidikira, ndipo kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 thumba limene unalifunsa mtengo sabata yatha umalipeza lakwera. Sukulu ikatsegulira, mwana amabwezedwa tsiku lomwelo. Iwo amaona zithunzi za jekete yatsopano pa WhatsApp n'kumati ku Joni ndalama timachita kutola, ndipo ukachedwa kutumiza pa Mukuru nkhani imamveka kuti wapeza mkazi wina. Ndimangoti, "Amayi, pepani, ndikuyesetsa." Amayankha kuti amva, koma mawu awo amasonyeza kuti sanakhulupirire.

Chonyansa kwambiri n'chakuti matendawa tatengera. Mmalawi mnzako, wa boma limodzi, mumapemphera tchalitchi chimodzi, akubwereka R200 ya tekisi. Ukamukumbutsa amakumenya paphewa: "Just now, achimwene, musadandaule." Ena apeza mwayi woyang'anira ntchito yomanga, n'kumalemba anyamata ongofika kumene, ndipo amawazunguza kuposa mzungu, chifukwa amadziwa mpaka kwawo kwa mnyamatayo ndi ngongole imene anasiya kwa womubweretsa. Inde, nafenso kwathu tili ndi "ndikubwera" wathu amene amanenedwa munthu akupita. Koma wa "ndikubwera" mumakumana naye pamaliro, pachigayo, kumsika, ndipo amachita manyazi. Wa kuno amalowa kuseri kwa mpanda wa magetsi, n'kukutseka pafoni. Ukamupeza n'kumufotokozera za lendi ndi za ana, amapendeketsa mutu n'kuti "ag shame", mawu enanso amene kuno satanthauza manyazi koma chisoni cha pakamwa chabe.

Masiku ano ndisanatsegule chitini cha penti ndimafuna theka la ndalama m'manja, ndipo mtengo ndi tsiku lolipira tizilembe pa WhatsApp. Akati "just now" ndimafunsa mwaulemu kuti bwana, nthawi yanji, tsiku liti? Ena amaseka n'kulipira. Ambiri nkhope imasintha, amati ndine wamwano, Amalawi sakhala otere. Amanditsitsa pamaloboti n'kubwerera pakona paja, pamene anyamata ofika sabata yatha ali mbwee ndi zikwangwani zawo, okonzeka kupenta mpanda womwewo pa theka la mtengo wanga.